Tsiku la okalamba ku laibulale: maso, foni, wilu ndi mawu awo

Mukalowa mu laibulale mwezi wa Okutobala mupeza mipando yonse yatengedwa ndi ana asukulu amene mayeso awayandikira. Mdala amene wabwera kudzaona nyuzi amaima pakhomo chipewa chili m'manja, amayang'ana uku ndi uku, kenako n'kutembenuka. Palibe wamuthamangitsa, koma akafika kunyumba amauza anzake kuti kumene kuja n'kwa ana, ndipo saponderakonso.

Laibulale ya boma ya mu Chipata ndi imodzi mwa malaibulale a m'zigawo amene ali pansi pa Zambia Library Service, nthambi yomwe inayamba mu 1962. Kupatula imeneyo pali tizipinda ta mabuku m'masukulu, m'maparishi ndi m'maholo kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, ndipo aliyense amene ali ndi chipinda, shelefu ndi kiyi angathe kuyambitsa tsiku la okalamba. Magulu otere kawirikawiri amafa chifukwa cha maso, makutu, mawondo, chikhodzodzo ndi ulemu. Amene sanakonze zimenezi angagule mabuku odzaza ngolo, koma pofika sabata lachitatu adzamwa yekha tiyi.

Yambani ndi kalendala ya kumunda. Mvula ikangogwa mu Novembala mpaka Febuluwale anthu ali pa kubzala, kupalira ndi kuthira feteleza, ndipo ngakhale ambuya amene khasu linawakana amatsala pakhomo kulera adzukulu. Epulo ndi Meyi n'kukumba nshawa ndi kukolola chimanga. Miyezi yodalirika ndi Juni mpaka Okutobala, choncho gulu latsopano liyambe mu Juni kuti mvula ikamadzabwera likhale litazika kale mizu. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira, yambani 10 koloko. Mu Okutobala yambani 8:30 kuti anthu abwerere dzuwa lisanafike paliwombo. Madzulo ayi, chifukwa maso a munthu wachikulire amavutika kwambiri kukayamba chisisira, komanso ndiyo nthawi imene ana oweruka kusukulu amadzaza chipinda. Kukumana kusapitirire ola limodzi ndi theka, ndipo pakati pakhale mphindi 15 zopumira.

Tsiku likhale limodzi pa sabata, losasinthasintha. Lachisanu Asilamu ali ku mzikiti, Loweruka a Sabata ali ku tchalitchi, ndipo musanasankhe funsani masiku a Chigwirizano, a miphakati, a kiliniki yotengera mankhwala a BP ndi shuga, ndi masiku olandirira ndalama za Social Cash Transfer. Nthawi zambiri chimatsala ndi Lachiwiri kapena Lachitatu. Sabata la Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale ndi la Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti musakonze kanthu. Maliro okha salowa mu kalendala. Akagwa m'dera la anthu anu, imitsani zonse ndipo inunso mukaonekere kusiwa, chifukwa gulu limene linakumana tsiku loika mnansi limanenedwa mpaka chaka chamawa.

Chipindacho muchiyang'ane ndi mawondo a munthu wa zaka 75. Mabenchi a kusukulu ndi otsika ndipo alibe potsamira. Mpando woyenera ndi wa msinkhu wa pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, wokhala ndi potsamira msana ndi manja ake oti munthu agwire podzuka. Mipando ya pulasitiki imatsetsereka pa simenti yopukutidwa ndi polishi, ndiye tsiku limenelo uzani wosesa kuti asapake polishi, ndipo mipandoyo muiyedzamitse kukhoma. Amayi ena amakonda mphasa kuti awongole miyendo. Iyaleni pafupi ndi khoma kapena tebulo lolimba, poti kukhala pansi n'kosavuta koma kudzuka ndiye nkhani. Ngati pakhomo pali sitepe, potsetsereka pake pafunika masentimita 12 m'litali pa sentimita iliyonse ya kukwera, kutanthauza kuti sitepe ya masentimita 15 ikufuna potsetsereka pa mita imodzi ndi masentimita 80. Amisiri ambiri amafupikitsa kuti asunge simenti, ndipo chimene chimatuluka n'choopsa kuposa sitepe imene inalipo.

Za chimbudzi anthu amachita nazo manyazi, komatu ndi zimene zimathawitsa ambiri. Abambo amene ali ndi vuto la prostate (kachiwalo ka abambo kamene kakatupa kamavutitsa pokodza) ndi onse amene amamwa mankhwala a BP okodzetsa amafuna kutuluka pafupipafupi. Mdala wa ulemu wake sangapite kwa mtsikana wa pa desiki kukapempha kiyi wa kuchimbudzi kawiri pa ola limodzi. Adzangosiya kubwera, ndipo mukamufunsa adzati miyendo. Chitsekuleni anthu asanafike, nenani poyambirira pomwe kuti chili uko, ikani madzi ndi sopo panja. Ngati n'chokumba, khomerani chogwirira kukhoma, kapena pezani mpando wathabwa woboola pakati wa amene sangathe kunjuta.

Anthu asapitirire 12, ndipo akhale mozungulira kuti aliyense aziona pakamwa pa mnzake. Wolankhula ayang'ane kuwindo kuti nkhope yake iwale, owerenga kuwala kuwadzere kumbuyo n'kugwera papepala. Munthu akamakalamba, makutu amayamba kutaya mawu okwera, oonda, ndiye kukuwa sikuthandiza, kumangopweteka khutu n'kuoneka ngati mukukalipa. Lankhulani ndi mawu apansi, mosathamanga, mutamuyang'ana, ndipo pazilankhula munthu mmodzi pa nthawi. Denga likakhala la malata opanda siling'i, mvula ikayamba tsekani buku mutulutse nsolo kapena drafuti.

Pa tsiku loyamba funsani aliyense mmene akufuna kuitanidwira, mulembe m'kaundula: a Phiri, aNaBanda, aNyaZimba, aphunzitsi, abusa. Si onse amakondwera ndi “ambuya”. Munthu amene anapuma ntchito chaka chatha ali ndi zaka 60, atayendetsa sukulu kwa zaka zambiri, mukamutchula choncho angamwetulire koma mumtima wakulembani. Musalitchule gululo kuti kalasi, musawaimike pamzere, ndipo achinyamata othandiza asawaombere m'manja ngati ana a Giredi 1. Onaninso za upongozi pokhazika anthu, chifukwa mkamwini ndi apongozi ake mukawayandikanitsa onse awiri akhala duu mpaka kuweruka. Abambo amakonda kutenga nkhani yonse, ndiye kamodzi pa mwezi gawani gulu pawiri, mudzamva zimene amayi anasunga masabata atatu. Tiyi wa anthu 12 ndi malita atatu, shuga abwere payekha m'mbale chifukwa ena adawaletsa kuchipatala. Kandolo wophika, dzungu kapena nthochi n'zabwino, chimanga chokazinga mano ake adapita. Zakudya zidyedwe pakhonde, kutali ndi mashelefu, kuopa mphemvu ndi makoswe.

Tsopano maso, amene ine ndimawaona kuti ndiwo khomo la zonse. Munthu akadutsa zaka 40 diso limayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo mumamuzindikira poti amatalikitsa pepala mpaka mkono kuthera. Ambiri amene amati anasiya kuwerenga sanasiye mwakufuna. Laibulale ikhale ndi bokosi la magalasi owerengera a mphamvu zosiyana: +1.00, +1.50, +2.00, +2.50, +3.00 ndi +3.50, awiriawiri a +2.00 ndi +2.50 chifukwa ndiwo amafunidwa kwambiri. Poyesa, munthu agwire nyuzi pa mtunda wa masentimita 40, pafupifupi kuchokera pachigongono kufika pa zala, ayambe ndi ofooka n'kumakwera, ndipo aime pa oyamba amene akuona nawo bwino. Anthu amathamangira amphamvu poti zilembo zimaoneka zazikulu, kenako mutu umapweteka ndipo buku amaligwirira pamphuno. Magalasi amenewa si oyendera. Akavala n'kudzuka, pansi pamaoneka mwachimbuuzi ndipo pa sitepe angagwe, choncho azivula asanaimirire. Apukuteni ndi madzi a sopo musanapatse wina.

Pali ena amene magalasi onse asanu ndi limodzi sawathandiza. Akati akuona ngati utsi kapena chifunga, kapena dzuwa ndi magetsi a galimoto zimawathobwa m'maso, kawirikawiri imakhala ng'ala, ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni ku chipatala cha maso. Odwala shuga azikapimitsa maso ngakhale akuona bwino. Diso likazima mwadzidzidzi kapena likapweteka kwambiri n'kufiira, n'zopita kuchipatala tsiku lomwelo. Ntchito ya laibulale pamenepa ndi kutumiza basi, osati kupereka mankhwala. Ndi bwino kuitana namwino wa kiliniki yapafupi kamodzi pa miyezi itatu kuti adzayeze BP ndi kuyankha mafunso, kuphatikizapo a NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, poti ambiri opitirira zaka 65 sadziwa kuti lamulo silifuna kuti iwo azisonkha.

Mabuku a zilembo zazikulu m'Chinyanja ndi osowa, ndiye mudzazipangira nokha. Pa kompyuta sankhani zilembo zosapotapota ngati Arial, kukula 18, zakuda papepala loyera, mizere yotalikirana, ndipo musalembe ndime yonse ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa diso limazindikira mawu ndi kaumbidwe kake. Ngati muli ndi pepala losindikizidwa kale, makina a fotokope akulikuza kuchoka pa A4 kupita pa A3 mukasankha 141 peresenti, ndipo zilembo za 12 zimafika pafupi ndi 17. Kalembedwe kasakusokonezeni. Amene anaphunzira m'masukulu a kuno kapena anakulira pa Buku Lopatulika la 1922 anazolowera “cakudya” ndi “Cinyanja”, pamene mabuku ochokera ku Malawi amalemba “chakudya”. Onse awiri amawerengeka, ndipo mkangano wa kalembedwe kolondola ungadye ola lonse popanda wopambana.

Powerenga pagulu musayendetse buku kuti aliyense awerengeko ndime. M'gulu lililonse muli amene sanapite kusukulu, makamaka amayi, ndipo buku likamayandikira mtima umagunda. Mukamva wina akuti “ndaiwala magalasi kunyumba” pomwe bokosi la magalasi lili patebulo, mwamva zonse, musaumirize. Awerenge mmodzi wa mawu omveka kwa mphindi 10, aime, anthu akambirane, apitirize. Nkhani za ulimi, za mafumu, za malire a minda ndi za maukwati zimayatsa moto msanga. Amene akufuna kuphunzira kulemba dzina lake adzakuuzani yekha pambali, ndipo ameneyo mumulumikize ndi makalasi a shibukeni, ophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba, kapena mumupezere nthawi yakeyake.

Foni ndiyo imabweretsa anthu ambiri kuposa buku, ndipo palibe chifukwa chochitira nazo nsanje. Ndalama zochokera kwa ana ku Lusaka ndi ku Migodi zimadzera m'foni, ndipo wokalamba amene sadziwa kuiyendetsa amadalira mdzukulu kapena mnyamata wa pa buthu. Yang'anitsitsani mmene zimakhalira. Ambuya aimba *115#, mndandanda watuluka, akuyandikitsa foni kumaso, akuwerenga mzere woyamba ndi milomo, wachiwiri, akufunafuna batani, ndipo asanadine foni yatseka yokha chifukwa nthawi yatha. Ayambiranso, zichitikanso chimodzimodzi, kachitatu apereka foni kwa mwana limodzi ndi PIN. Nzeru zilipo, chawagonjetsa ndi liwiro. Mankhwala ake ndi khadi: lembani ndi cholembera chachikulu manambala oti adine motsatana, sitepe iliyonse pa mzere wake, ayeserere foni ili chozima mpaka chala chizolowere njira, kenako ayatse. Makadi a Airtel ndi a MTN akhale osiyana, ndipo muziwayesa mwezi uliwonse chifukwa makampani amasintha mindandanda.

Wothandiza aliyense akhale ndi anthu awiri okha, ndipo lamulo lake ndi limodzi: manja kumbuyo. Wachinyamata akangolanda foni kuti aonetse, amamaliza m'masekondi asanu ndipo mwini wake sanaone kanthu. Sabata loyamba aphunzire kuona ndalama zotsala ndi kuwerenga uthenga. Lachiwiri, kutapa pa buthu: kuona zotsala asanapite, kudina PIN okha atatembenuka, kudikira uthenga, kuwerenga ndalama asanachoke pawindo. Lachitatu, kutumiza, atumizirane kandalama kochepa awiriawiri, ndipo chachikulu n'kuwerenga dzina limene latuluka asanaike PIN. PIN isakhale chaka chobadwa, poti chili pa reji, ndipo isalembedwe pa kapepala komata kuseri kwa foni. Wothandiza asaifunse, asaione, asailembe. Funsaninso kuti SIM inalembetsedwa m'dzina la ndani. Ambiri amagwiritsa ntchito ya mdzukulu, ndipo PIN ikatsekeka chifukwa cholakwitsa kangapo, ku ofesi amafuna mwini dzina ndi reji (NRC) yake, pamene mwini dzinayo ali ku Solwezi.

Sabata lachinayi likhale la akuba a pafoni, ndipo ili musaliphunzitse ngati ulaliki. Pemphani aliyense atsekule mauthenga ake, muwerenge mokweza amene akukayikitsa. Mudzapeza aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, oti mwapambana mphoto, oti ndatumiza molakwitsa mundibwezere, ndi oimba odzitcha a kampani ya foni kapena a ofesi ya feteleza amene akufuna PIN kuti akukonzereni. Chitani sewero, wina akhale wakuba, wina ambuya, gulu liweruze pamene anayenera kudula foni. Mfundo zoti apite nazo kunyumba ndi zitatu: wa kampani weniweni safunsa PIN, wonena kuti walakwitsa kutumiza muyambe mwaona zotsala zanu, ndipo uthenga wonena kuti mwana wanu ali pamavuto muutsimikize poimba nambala yake imene mumaidziwa. Nambala za akubazo zimanenezedwa ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, pa *707#. Amene anaberedwapo musamutchule pagulu, manyazi ake amaposa ndalama zimene anataya.

A mafoni osisita ali ndi mavuto ena. Chala chouma ndi chokakala ndi khasu nthawi zina galasi silichimva, ndipo akakanikiza nthawi yaitali foni imatulutsa zina. Kudzola timafuta pang'ono kumathandiza, komanso kuyeserera kugogoda mopepuka ngati nkhuku ikujompha. Kuzani zilembo mu Settings, chotsani pamaso zonse zosafunika, ndipo pa WhatsApp yambani ndi mauthenga a mawu. Munthu wosalemba akatumiza mawu ake kwa mwana wake koyamba n'kumva yankho, sabata lotsatira amabwera ndi mnzake.

Nkhani ya chuma chamasiye ikufuna tsiku lakelake ndi mlendo wodziwa malamulo, wochokera ku Legal Aid Board kapena ku Victim Support Unit ya apolisi. Wa laibulale akonzekere pepala la zilembo zazikulu lofotokoza zimene lamulo la 1989 limanena munthu akamwalira wosasiya wilu: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba imakhala ya ana ndi wamasiyeyo, ndipo wamasiye amakhalamo mpaka imfa kapena mpaka atakwatiwanso. Malo a m'manja mwa mafumu salowa m'lamulo limeneli, ndipo apa ndi pamene mkangano umabuka, chifukwa Achewa ndi Ansenga amatsata kuchikazi pamene Angoni amatsata kuchimuna, ndiye m'chipinda chimodzi muli malamulo atatu. Asiyeni akambirane, koma woyendetsa asatenge mbali. Wilu ikhale yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisaine, ndipo wolandira chuma asakhale mboni. Wosawerenga amuwerengere munthu wina ndi kumufotokozera, zimenezo zilembedwe papepala lomwelo. Ena amaopa kuti kulemba wilu n'kudziitanira imfa. Musawaseke, ndipo wa laibulale asalembere munthu wilu kapena kuisunga m'kabati ya ofesi.

Amene sangathe kuyenda muwatsatire ndi bokosi lachitsulo lokhoma: mabuku 30, nyuzi za mwezi watha, magalasi, kaundula ndi cholembera. Likhale ku tchalitchi kapena kwa munthu amene anyakwawa avomereza, pa njerwa osati padothi chifukwa cha chiswe, ndipo lisinthidwe mwezi uliwonse pa njinga. Buku likasowa musalipiritse chindapusa, mudzataya owerenga onse chifukwa cha buku limodzi. Kulengeza kumayenda bwino kudzera m'matchalitchi ndi pa wailesi ngati Breeze FM ndi Radio Maria kuposa chikwangwani cha pakhomo. Za mipando, potsetsereka ndi chimbudzi, lembani pempho ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu kuti lilowe mu CDF, ndalama ya boma ya chitukuko imene mu 2022 inakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse. Tsiku la okalamba padziko lonse, pa 1 Okutobala, ndi mpata wabwino woitanira khansala kuti adzaone yekha.

Zonsezi ndi zimene laibulale ikupereka. Chimene ingalandire n'chachikulu kuposa pamenepa, ndipo chikutha chaka ndi chaka. Mwana amene anali ndi zaka 10 pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu, lero wadutsa 70. Amene anaona tauni ya Chipata ikutchedwa Fort Jameson, amene anagwira mapaundi ndi masheleni Kwacha isanabwere mu 1968, amene anapita ku Joni, ku Salisbury ndi ku Migodi, amene anaona Nc'wala ikuyambiranso mu 1980, amene analandira othawa nkhondo a ku Mozambique kapena kugwira ntchito ku fakitale ya njinga, akadali pakati pathu koma akuchepa. Enanso anasunga zimene agogo awo anawauza za nkhondo ya Angoni ndi Azungu ya 1898 ndi imfa ya Nsingo, mwana wa Mpezeni. Zambiri mwa izi sizili m'buku lililonse pa shelefu.

Kujambula mawu sikufuna zida zodula. Foni wamba ikwana, itatchajidwa usiku wake poti magetsi sadalirika, ndipo muiike pa airplane mode kuti wina asaimbe pakati pa nkhani. Igone pa nsalu yopinda patebulo, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pakamwa pa wolankhula, mbali ya maikolofoni italoza kwa iye. Patebulo lopanda nsalu kugogoda kulikonse kwa chala kumamveka ngati ng'oma. Pewani pakhonde pamene pali mphepo, nkhuku ndi njinga zamoto. Jambulani masekondi 20, mumvetsere, kenako muyambe zenizeni. Poyamba nenani tsiku, malo ndi dzina lanu, ndipo wolankhulayo anene ndi pakamwa pake kuti wavomera kujambulidwa, ndi kuti mawuwo angamvedwe ndi ndani: banja lokha, owerenga a mu laibulale, kapena pa wailesi. Mphindi 45 zakwana, akatopa mudzabwerenso. Mphindi imodzi imadya malo okwana pafupifupi megabaiti imodzi, ndiye kamemori khadi kakang'ono kasunga nkhani za chaka chonse.

Funso lakuti tiuzeni za kale silibala kanthu, munthu amangoti kale zinthu zinali bwino. Funsani zogwirika. Munakwera chiyani popita ku Lusaka ulendo woyamba, ndipo pa Luangwa munawoloka bwanji? Malipiro anu oyamba anali angati, munagula chiyani? Chaka cha njala munadya chiyani, ndani anakuphunzitsani kukonza kwake? Zaka sakumbukira ndi manambala, ndiye funsani kuti inali nthawi ya mfumu iti, kapena mwana wanu woyamba anali atabadwa kodi. Chinthu chogwira m'manja chimatsekula pakamwa kuposa funso: chitupa chakale, khobidi loboola pakati, chithunzi cha ukwati, mbewu ya chimanga chamakolo. Akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo, werengani mumtima mpaka 10, nthawi zambiri chachikulu chimatuluka pamenepo. Nkhani ya nkhondo kapena ya imfa ya mwana ikawaliza, imitsani foni, muwafunse ngati akufuna kupitiriza. Nthano zijambulidwe pali ana, chifukwa “padangotelo” wopanda oyankha “tili tonse” amafera m'kamwa, ndipo “chilapi” amafuna wina woti “nachize”.

Pali zimene simuyenera kujambula ngakhale wina atayamba kuzinena. Gule wamkulu analowa m'kaundula wa UNESCO, koma zimenezo sizinatsekule dambwe. Za kumeneko ndi za m'chinamwali zili ndi eni ake, mafumu ndi anamkungwi, ndipo laibulale ikangomveka kuti ikusunga zinsinsi m'foni, okalamba onse a mudzi umenewo adzatseka pakamwa. Chimodzimodzi milandu ya malo ndi ya ufumu imene ikadali yamoto, ndi nkhani zotchula munthu kuti ndi mfiti. Izi n'zoti woyendetsa azidule msanga ngakhale pa macheza wamba, poti okalamba ndiwo amene amanamiziridwa ufiti kawirikawiri.

Tsiku lomwelo sinthani dzina la fayilo, muyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mudzi ndi mutu wa nkhani, chifukwa mafayilo 40 otchedwa Recording palibe adzawatsekule. Sungani pawiri, pa kompyuta ya laibulale ndi pa memori khadi yokhala kwina. Kulemba zimene zanenedwa kumatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi pa ola lililonse la mawu, ndiye musalonjeze kulemba zonse. Lembani tsamba limodzi lonena kuti pa mphindi yakuti akukamba zakuti, ndipo zokoma zokhazo muzilembe mawu ndi mawu. Amene walankhula Chinsenga, Chikunda, Chitumbuka kapena Chingoni cha kwa Mpezeni mulembe mmene wanenera, musamuwongolere ku Chinyanja cha kusukulu. Zimene mwalembazo, mukazisindikiza pa zilembo za 18 n'kuzisoka, ndizo mabuku a zilembo zazikulu amene munkasowa aja.

Musanaike kanthu pa shelefu kapena kupereka ku wailesi, bwererani kwa mwini mawu. Koperani nkhaniyo pa memori khadi, muilowetse mu kawailesi kaja kamene kamalandira makhadi, mukhale nawo pansi amvetsere kuyambira poyamba mpaka pothera. Ena amaseka kumva mawu awo, ena amakonza dzina la mudzi kapena la mtsinje, ena amati apo ndinatchula mlamu wanga pachotsedwe. Chotsani pamene anenapo m'makope onse awiri, mulembe m'kaundula tsiku limene avomereza, ndipo khadi la m'kawailesi muwasiyire.